Isaura wa pa kanema ndi anthu amene anaima kumbuyo kwake

Buku la A Escrava Isaura ndi laling'ono. Lili ndi mitu 22 yokha, moti munthu wodziwa Chipwitikizi akhoza kuliyamba Loweruka m'mawa n'kulimaliza Lamulungu dzuwa lisanalowe. Analilemba ndi Bernardo Guimarães wa ku Ouro Preto, m'dziko la Brazil, ndipo linatuluka mu 1875, ukapolo udakali wololedwa ndi lamulo m'dzikomo. Koma kuno kwathu ku Tete, kaya ndi ku Ulongwe, ku Moatize kapena ku Nyungwe kwenikweniko, mukatchula Isaura ndi ochepa amene amaganiza za buku. Anthu amakumbukira novela, sewero la pa kanema la magawomagawo. Ilipo ya TV Globo ya 1976, yolembedwa ndi Gilberto Braga, ya magawo 100. Ilipo inanso ya TV Record ya 2004, ya magawo 167. Pa zonse ziwirizi panadutsa dzanja la mtsogoleri wa sewero mmodzi yemweyo, Herval Rossano.

Ine ndimakonda novela, ndipo sindikulemba izi monyoza amene amazikonda. Ambiri a ife Chipwitikizi cha ku Brazil tinachizolowera madzulo, titadya nsima, titapanikizana pa mphasa pakhomo pa mnansi amene anali ndi magetsi. Chondiwawa n'chimodzi. Wolemba buku anali ndi masamba ochepa, ndipo ankalembera anthu amene ambiri mwa iwo anali ndi akapolo m'nyumba zawo. Opanga novela anali ndi miyezi yathunthu, ndalama, makamera, akatswiri a sewero akuda ndi oyera, komanso zaka zoposa 100 zoti aphunziremo mbiri ya dziko lawo. Zonsezo anazithera pa chikondi, nsanje, chiphe ndi funso loti wapha ndani. Ukapolo weniweniwo unangotsala ngati malo ochitikirapo nkhani.

Kwa amene simunaliwerenge, nkhani ya m'buku ili chonchi. Pa fazenda ina, munda waukulu wolimidwa ndi akapolo, ku Campos dos Goytacazes, m'mbali mwa mtsinje wa Paraíba, panali mdzakazi dzina lake Juliana. Mwini fazendayo, Comendador Almeida, anamukakamiza kugona naye. Nkhaniyo itafika kwa mkazi wake, Juliana anachotsedwa m'nyumba n'kutumizidwa kumunda, ndipo kapitawo Miguel, Mpwitikizi, anauzidwa kuti amukhaulitse. Miguel m'malo momuzunza anamukonda, mpaka anabereka naye mwana wamkazi, Isaura. Almeida anachotsa Miguel ntchito, ndipo Juliana anamugwiritsa ntchito yakalavulagaga mpaka anafa. Mwanayo analeredwa ndi mkazi wa Almeida, amene anamuphunzitsa kuwerenga, kuimba piyano, Chifalansa ndi Chitaliyana. Ankanena kuti adzamumasula, koma anamwalira asanalembe kalikonse. Choncho Isaura anatsala m'gulu la chuma cha pabanjapo, pamodzi ndi mipando, ziweto ndi minda, ndipo zonsezo zinagwera m'manja mwa Leôncio, mwana wa Almeida.

Kuchokera pamenepo nkhani imathamanga. Leôncio akumufuna Isaura ngakhale ali ndi mkazi wake, Malvina. Miguel wasonkhanitsa ndalama zokwana makonto 10 zowombolera Isaura, mtengo womwe Almeida anaukweza dala, koma ndalamazo palibe wozilandira. Bambo ndi mwana athawira ku Recife, Isaura n'kumadzitcha Elvira. Kumeneko amukonda mnyamata wolemera wodana ndi ukapolo, Álvaro, koma pa phwando la dansi wophunzira wina dzina lake Martinho, pofuna mphoto yomwe inalonjezedwa m'nyuzipepala, amuzindikira kuti ndi mdzakazi wothawa. Leôncio abwera kudzamutenga. Pomaliza akonza zomukwatitsa kwa Belchior, wosamalira maluwa wa linunda, kuti amunyazitse. Tsiku la ukwatilo atulukira Álvaro atagula ngongole zonse za Leôncio, kutanthauza kuti fazenda ndi zonse zili momwemo tsopano ndi zake. Leôncio adziwombera ndi mfuti, buku n'kuthera pomwepo.

Nkhani yotere singadzaze magawo 100. Ndiye anachita zomwe amachita mayi alendo akachuluka ndiwo zili zochepa: anawonjezera madzi mumphika. Mu novela ya 1976 anabweretsa Tobias, mnyamata wa fazenda yoyandikana, kuti Isaura akhale ndi womukonda Álvaro asanaoneke. Kenako Tobias ndi Malvina afera pa moto womwe anayatsa Leôncio, pomwe m'buku Malvina safa n'komwe. Rosa, mdzakazi wansanje amene m'buku amangochita miseche, pa kanema akufika pothira chiphe m'chakumwa n'kufa nacho yekha. A 2004 anapitirira pamenepo. Leôncio wawo sadzipha, aphedwa, ndipo magawo omaliza ndi ofufuza kuti wamupha ndani. Anajambula mathero angapo, moti wakuphayo amasintha novela ikamabwerezedwa.

Kuwonjezera pakokha si mlandu. Sewero lili ndi njira zake, ndipo wolemba sewero amene amangokopera buku liwu ndi liwu amagonetsa anthu tulo. Koma kusintha imfa ya Leôncio kunawononga phata la nkhani yonse, ndipo apa ndiye pondiyenera kukhalitsa.

M'buku, Leôncio sagonja chifukwa choti ndi woipa. Palibe khoti lomuzenga mlandu. Palibe wansembe womuletsa, palibe wapolisi womugwira. Zonse zomwe akuchitira Isaura n'zololedwa. Pali malo ena m'mitu ya ku Recife omwe ndimabwererako kawirikawiri, pomwe Álvaro akukambirana ndi mnzake Geraldo, wodziwa malamulo. Álvaro mtima uli m'mwamba, akufuna kuteteza mtsikanayo zivute zitani. Geraldo akumuuza mosapita m'mbali kuti lamulo lili kumbali ya mwini kapolo, kuti boma sililowa m'nyumba ya munthu kukafunsa mmene akusungira katundu wake, ndiponso kuti mwiniwake akakana kugulitsa palibe womukakamiza. Geraldo si munthu wankhanza. Akungonena mmene zinthu zilili, ndipo akunena zoona. Leôncio akafika ku Recife safika ngati chigawenga cha usiku. Afika masana, boma lili kumbali yake, ndipo Álvaro ndi chuma chake chonse angoyang'ana Isaura akutengedwa.

Nanga Isaura apulumuka bwanji? Apulumuka chifukwa Leôncio anali wosakaza chuma ndipo Álvaro anali ndi ndalama zomuposa. Womumasulayo anayamba wakhala mwini wake kaye. Leôncio akanakhala wosamala ndalama, Isaura akanafera m'manja mwa Belchior, ndipo palibe lamulo lomwe likanathyoledwa. Zimenezi n'zowawa, ndipo ngakhale Guimarães anazikutira ndi mawu okoma a chikondi, wowerenga watcheru amatseka buku akudziwa kuti mdani wamkulu ndi lamulo la dziko, osati mwamuna mmodzi.

Pa kanema mdani ndi Leôncio basi: maso ake, mawu ake otsika, kaimidwe kake pakhonde. Rubens de Falco mu 1976 anasewera mwaluso kwambiri, ndipo Leopoldo Pacheco mu 2004 anamupanga kukhala chilombo chenicheni. Luso lomwelo ndi lomwe linasokoneza uthenga. Ukaonera munthu woipa chonchi kwa miyezi, umafika poganiza kuti fazenda ija ikanakhala m'manja mwa bwana waulemu bwenzi zonse zili bwino. Ndipo novela imakupatsadi mabwana aulemu oterowo, ndi madona amtima wabwino okonda akapolo awo, kuti uone kusiyana. Pofika pa funso loti wapha Leôncio ndani, woonera waiwala kale kufunsa kuti anamupatsa mphamvu zonsezo ndani.

Tsopano nkhani ya khungu, yomwe ndi yovuta kuposa mmene ena amaitengera. Ndamvapo anzanga aphunzitsi akunena kuti cholakwa cha novela ndi choti anasankha azungu, Lucélia Santos ndi Bianca Rinaldi, kuti asewere ngati mdzakazi. Pamenepo sanapotoze buku. Guimarães mwiniwake, m'mutu woyamba momwe, akuyerekeza khungu la Isaura ndi mnyanga wa pa piyano yomwe akuimba, ndipo Malvina akumutonthoza pomuuza kuti palibe angadziwe kuti ali ndi magazi a ku Africa. Komanso akapolo oyera khungu analikodi. Mwana ankatsata mimba ya mayi wake: mayi akakhala mdzakazi, mwana ndi kapolo, kaya bambo ndi ndani. Zinali choncho mpaka lamulo la 1871, lomwe linati ana obadwa kuyambira pamenepo akhale mfulu. Ife Achewa timadziwa zoti mwana ndi wa kuchikazi, koma kwathu zimatanthauza kuti mwana ali ndi mwinimbumba womuteteza. Kumeneko zinkatanthauza kuti bwana akagona ndi mdzakazi wake wawonjezera chuma.

Guimarães ankawadziwa owerenga ake. Kuti dona wa ku Rio de Janeiro agwetse msozi, anafunika kuona mtsikana wofanana ndi mwana wake. Limeneli ndi bala la bukulo, ndipo sindikuliikira kumbuyo. Koma chimene buku limanena pa masamba ochepa, kamera imachinena madzulo alionse. Buku likati ndi woyera, umawerenga n'kupitirira, ndipo m'maganizo mwako nkhope yake imasintha mmene ukufunira. Pa kanema nkhopeyo ili pomwepo, yadzaza galasi lonse, nyimbo yachisoni ikulira pansipansi, msozi ukutsika pang'onopang'ono. Kumbuyo kwake, kosaoneka bwino, kukudutsa anthu akuda atasenza madengu.

Zotsatira zake ndinaziona ndi maso kwa azakhali anga ku Domwe, nyengo yokolola. Msuweni wanga anali atabwera ndi magawo a novela ya 2004 pa fulashi, ndiye madzulo tinkaonera pa kanema kakang'ono koyendera batire la sola. Azakhali Chipwitikizi amangochimva patalipatali, choncho mdzukulu wawo ankawamasulira. Anali ndi lichero pamiyendo, akutong'ola chimanga. Panafika pomwe kapolo wina wakuda anamangidwa pa mtengo n'kumakwapulidwa. Azakhali anangoti, "Mayo ine," manja akupitiriza ntchito. Patapita nthawi Isaura anachotsedwa m'nyumba yaikulu n'kupatsidwa ntchito ya akapolo anzake. Apo ndiye anasiya chitsononkho, nagwira pakamwa.

"Koma mwana wokongola chonchi, woyera mbee, angamuyese kapolo? Anthu amenewa alibe chisoni."

Msuweni wanga anafunsa kuti, "Nanga uja amakwapulidwa uja, amayi?"

Iwo anati, "Ujatu ndi kapolo kale."

Azakhali si munthu wouma mtima. Pakhomo pawo pakulira ana amasiye ambiri, ndipo mlendo sachokapo ndi njala. Sanamve molakwika ayi. Anamva ndendende zomwe novela inawauza, kuti pali anthu oyenera ukapolo ndipo pali mmodzi amene anagweramo mwangozi. Mayi wachikuda wa ku Angónia anaphunzitsidwa kumvera chisoni munthu wosafanana naye, n'kuwadutsa ofanana naye. Ndinagona mtima ukuwawa usiku umenewo, osati ndi iwo, koma ndi amene anakonza zoti maso awo ayang'ane komweko.

Si kuti akatswiri akuda panalibe. Léa Garcia, amene anasewera Rosa mu 1976, anali wochokera ku Teatro Experimental do Negro, gulu la zisudzo lomwe anayambitsa Abdias do Nascimento mu 1944, ndipo anali atasewerapo mu filimu yomwe inapata mphoto yaikulu ku Cannes mu 1959. Mukamuyang'anitsitsa m'novelayo muona kuti akuyesetsa kuika chifukwa pansi pa nsanje ya Rosa: mkazi amene akugona pansi ndi kudya zotsala pamene mdzakazi mnzake akuimba piyano. Mkwiyo wa Rosa ndi wokhawo womveka bwino m'nyumba monsemo. Koma olemba anausandutsa ufiti, n'kumupatsa chikho cha chiphe. Mkazi wina wakuda wooneka kwambiri ndi Januária wophika, amene moyo wake wonse ndi kudera nkhawa Isaura. Choncho mkazi wakuda anapatsidwa malo awiri okha, kuchitira nsanje Isaura kapena kumutumikira.

Chilungamo chake, a 1976 anali ndi chowamanga. Brazil inali pansi pa ulamuliro wa asilikali, ndipo zolemba zonse zinkadutsa kwa ofufuza a boma. Gilberto Braga anafotokozapo yekha kuti analetsedwa kugwiritsa ntchito liwu loti kapolo m'zokamba za anthu a m'sewero, chifukwa boma silinkafuna kukumbutsidwa za mbiri imeneyo. Munthu wolemba za ukapolo m'nyengo yotere sangapite patali. Koma a 2004 analibe womuopa. Anayesako, ndiwayamikire: anakuza André, amene m'buku ndi mnyamata wotumikira m'nyumba chabe, n'kumuthawitsira ku quilombo, mudzi wa akapolo othawa. Komabe quilombo imeneyo imangooneka ikafunika kuthandiza nkhani ya Isaura, kenako kamera imabwerera ku nyumba yaikulu, ku madiresi ndi ku makalata achikondi.

Chosowa kwambiri m'manovela onse awiri ndi ntchito. Campos linali dera la nzimbe ndi shuga. Ukapolo unalipo chifukwa cha ntchito, kuti wina adule nzimbe, wina asenze, wina asonkhezere moto usiku wonse popanda malipiro. Pa kanema timaona chikwapu, chifukwa chikwapu chimakoka maso. Sitiona tsiku wamba lopanda chikwapu, lomwe munthu wadzuka kusanache n'kubwerera kutada, mawa chimodzimodzi, mpaka thupi kutha. Akapolo a pa kanema ndi onenepa bwino, zovala zawo n'zochapa, ndipo madzulo amavina pamoto.

Chodabwitsa n'choti buku laling'onoli lili ndi mutu umodzi womwe ukuposa manovela onse awiri pa nkhaniyi. M'mutu wa 7, Isaura watumizidwa m'chipinda chachikulu momwe adzakazi pakati pa 20 ndi 30 akupota thonje ndi ubweya. Akucheza akugwira ntchito. Sakukamba za chikondi cha bwana. Akukamba za mantha awo, kuti pakuti dona wamkulu anamwalira, posachedwa achotsedwa pamthunzi pano n'kutumizidwa kumunda kukagwira khasu kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kapitawo ali pambuyo ndi chikwapu. Mayi wachikulire pakati pawo, Joaquina, akukumbukira mmene Juliana anafera. Ndi masamba ochepa okha, koma mmenemo akapolo ali ndi maganizo awoawo, akuwerengera za mawa lawo, akudziwa bwana woipa ndi woipitsitsa. Wolemba sewero wofuna kudzaza magawo 167 akanayambira m'chipinda chimenecho. Mayi aliyense mwa amayi aja anali ndi kwawo, ndi ana, ndi njira yomwe anafikira pamenepo.

Ndimaliona bwino vutoli chifukwa cha mmene agogo anga aamuna ankasimbira za chibalo. Chibalo si ukapolo wa ku Brazil, ndipo sindikufuna kuzisakaniza: wa chibalo ankabwerera kwawo nthawi yake ikatha, ndipo ana ake sankagulitsidwa. Koma inali ntchito yokakamiza, yomwe Apwitikizi anaithetsa pa pepala mu 1961 mokha. Asipayo ankafika kwa anyakwawa kudzatenga amuna, ena kukalambula misewu, ena kuminda ya atsamunda, ena mpaka kuminda ya nzimbe ya kumunsi kwa Zambezi, ku Luabo ndi ku Marromeu. Ambiri ankathawira ku Nyasaland ndi ku Rhodesia. Agogo akamasimba sankachedwa pa dzina la mzungu kapena nkhope yake. Ankakamba za muyeso wa ufa, za nyemba zofumbwa, za ndime yomwe unkayenera kumaliza dzuwa lisanapendeke. Ankakamba za mbalamatodya, thabwa lija la mabowo, mmene linkayamwira chikhatho likamatera. Ankatambasula manja awo n'kutionetsa mmene anatupira, zala osapindika, moti kwa masiku angapo mng'ono wawo ndiye ankawatemera nsima n'kuwaika mkamwa, amayi awo akuwathowa ndi madzi ofunda a mchere. Sankakweza mawu posimba. Nkhanza zomwe ankafotokoza zinali za dongosolo, zokhala ndi kaundula, sikelo ndi msonkho. Kapitawo wabwino akabwera ndime inali yomweyo.

Palinso chifukwa china chomwe ife a ku Tete sitiyenera kuonera novela imeneyi ngati nkhani ya kutali. Anthu aja odutsa kumbuyo kwa Isaura, ena mwa iwo ndi athu. Brazil inalandira anthu oposa mamiliyoni 4 ochokera ku Africa, kuposa dziko lina lililonse la ku America. Ambiri anachokera ku Angola ndi ku Congo, koma kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 zombo zochokera ku Rio de Janeiro zinayamba kufika mochuluka ku Quelimane ndi ku Ilha de Moçambique. Ambiri mwa anthu okwezedwa m'zombo ku Quelimane ankatsika ndi Zambezi, kuchokera ku maprazo, malo aakulu a atsamunda a ku Sena ndi ku Tete, ndi kumidzi ya Amaravi kumpoto kwa mtsinje. Eni maprazo, ataona mitengo yakwera, anafika pogulitsa alimi okhala m'malo awo, ngakhalenso Achikunda, asilikali awo omwe. Ku Brazil anthu onsewa ankangowatcha moçambiques, kaya anali Amakua, Ayao, Asena kapena Achewa. Portugal inaletsa kutumiza akapolo kunja mu 1836, koma malondawo anapitirira mobisa, ndipo Brazil inatseka khomo lake mu 1850.

Nkhani ya Isaura ikuchitika m'zaka zoyambirira za ufumu wa Pedro II, nthawi yomwe zombozo zinali zikufikabe. Ndiye kuti pa fazenda ya ku Campos ya nthawi imeneyo mukanapeza anthu obadwira ku Africa, a mphini kumaso, a mano osema, olankhula Chipwitikizi chothyokathyoka masana ndi zinenero zawo usiku. Pa kanema pafupifupi onse amalankhula Chipwitikizi chosalala, ngati anabadwira m'senzala, nyumba za akapolo, momwemo, ngati analibe kwawo. Nyanja yomwe anawoloka siitchulidwa kawirikawiri. Komatu mbiri yake ilipo. Mu December 1794 chombo cha São José Paquete de Africa chinanyamuka ku Ilha de Moçambique ndi anthu oposa 500 kupita ku Maranhão. Chinasweka pa miyala pafupi ndi Cape Town, anthu oposa 200 anamira, ndipo opulumuka anagulitsidwa komweko. Zotsalira za chombocho zinapezeka pansi pa nyanja. Doko la Valongo ku Rio, pomwe anthu miyandamiyanda anatsikira, linafukulidwa, ndipo mu 2017 UNESCO inaliika m'gulu la malo a mbiri ya dziko lonse.

Nkhani imeneyi siitiyeretsa ifenso. Ogwira anthu ndi kuwagulitsa sanali azungu okha. Banja la a Pereira ku Makanga, a da Cruz ku Massangano, Kanyemba ndi Matakenya cha ku Zumbo, onsewa anali anthu a m'chigwa chomwechi, okhala ndi magulu awo a nkhondo. Angoni a Maseko, makolo a ambiri a ife kuno ku Angónia, atakhazikika pa Domwe ankagwira anthu m'midzi ya Achewa. Mpaka lero, pa mkangano wa ufumu kapena wa malo, mumamva mkulu wina akunong'ona kuti banja lakutilakuti lisalankhule chifukwa agogo awo anabwera ngati akapolo. Ukwati umatha kulephereka pa chifukwa chomwecho. Ndiye novela ikatiphunzitsa kuti ukapolo ndi nkhani ya mzungu mmodzi wamisala ndi mtsikana mmodzi wokongola, imatipatsa mpata woti tilire bwinobwino popanda kuyang'ana m'mudzi mwathu.

Wina anganene kuti ndikufuna buku lina, osati la Guimarães. Koma olemba novela ndi amene anadzipatsa ufulu wowonjezera. Ngati panali malo a Tobias, a moto, a chiphe ndi a kufufuza wakupha, malo analiponso a anthu enieni a nthawiyo. José do Patrocínio, mtolankhani wotchuka pa nkhondo yothetsa ukapolo, anabadwira ku Campos komweko mu 1853, mayi wake ali mdzakazi wamng'ono, bambo wake wansembe. Luiz Gama anagulitsidwa ndi bambo wake womubereka ali ndi zaka 10, anadziphunzitsa malamulo, ndipo anamasula anthu mazanamazana kudzera m'makhoti. Mu 1838 Manuel Congo anatsogolera akapolo ambiri kuthawa m'mafazenda a ku Vassouras, m'chigawo chomwecho cha Rio de Janeiro, ndipo anaphedwa chaka chotsatira. Ndipo mu 1859, zaka 16 buku la Isaura lisanatuluke, mphunzitsi wachikuda wa ku Maranhão, Maria Firmina dos Reis, anali atalemba kale buku momwe mayi wachikulire wogwidwa ku Africa akusimba yekha za kwawo ndi za m'chombo. Zida zinalipo. Anasankha zina chifukwa ndi zomwe zimagulitsa, ndipo zinagulitsadi: novela ya 1976 inaonetsedwa ku Cuba, ku Poland, ku Soviet Union ndi ku China, komwe Lucélia Santos analandira mphoto mu 1985. Kwa anthu ambiri padziko lapansi, zomwe amadziwa za ukapolo wa ku Brazil ndi nkhope imeneyo.

Mathero a novela ya 1976 ndi phwando. Álvaro, mwini watsopano wa fazenda, amasula akapolo, anthu akondwera, Isaura akwatiwa. Ufulu ukutsika kuchokera pakhonde la nyumba yaikulu ngati mphatso ya munthu wachifundo. Buku silinalonjeze zimenezo. Limatha ndi kulira kwa mfuti, adzakazi a m'chipinda chopotera thonje aja atangosintha mwini. Ukapolo ku Brazil unatha patapita zaka 13 bukulo litatuluka, pa 13 May 1888, akapolo ambiri atayamba kale kuthawa m'mafazenda m'magulumagulu moti dongosololo linali litagwedezeka. Lamulo lomwe anasaina mwana wamkazi wa mfumu, Isabel, linali ndi ndime ziwiri zokha. Yoyamba inati ukapolo watha, yachiwiri inafafaniza malamulo otsutsana nazo. Za malo olima, za sukulu kapena za malipiro a zaka zonse zomwe anthuwo anagwira ntchito, munalibemo.